Injini Ziwiri za ku Mulobezi: Ina Inapita, Ina Inatsala

Kuno kwathu ku Chipata sikunamvekepo kulira kwa sitima ya nthunzi. Njanji inatifika mocedwa ndithu, mu August 2010, pamene anatsegula kacigawo ka makilomita 27 kocokera ku Mchinji, ndipo pofika nthawi imeneyo injini zonse zokoka katundu zinali za dizilo. Cifukwa cace mwana wa ku Nabvutika, kapena wa m'sukulu za kumidzi kumene ambiri a inu muphunzitsa, akaona m'buku lace cithunzi ca injini yakuda yofuka utsi, aciyesa cinthu ca ku maiko a Azungu, monga momwe ayesera cipale cofewa. Koma si tero ai. Injini zotere zinayenda m'dziko lino zaka pafupi-fupi 70, ndipo thukuta la agogo athu a kuno kum'mawa linagwera pa izo.

Nkhani yanga ndi ya injini ziwiri, kapena tinene mitu iwiri ya sitima, zimene zinagwira nchito pa njanji ya matabwa ya ku Mulobezi, kumadzulo kwa Livingstone. Nchitoyo itatha, ina anaikweza m'combo napita nayo ku England, ina inatsala konkuno. M'mbiri ya ziwirizi muoneka poyera kuti citsulo cakale sicipulumuka cifukwa ca ukalamba wace. Cipulumuka pokha-pokha akapezeka munthu wofuna kucilipirira, ndipo wolipirayo ndiye asankha kumene cidzakhala, ndi anthu amene adzaciona.

Tiyambe ndi njanji yeni-yeniyo. Njanji yocokera ku Cape inafika ku Bulawayo mu 1897. Omanga ace anaipotolera ca kumpoto kumadzulo cifukwa ca malasha a ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, ndipo inafika kumeneko mu 1903. Caka cotsatira inali pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Zitsulo za ulalo wooloka Zambezi anazisula a kampani ya Cleveland Bridge ku Darlington, m'dziko la England, nazibweretsa zidutswa-zidutswa, ndipo ulalowo unatsegulidwa pa 12 September 1905. Mu 1906 sitima inafika ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, ndipo mu 1909 inafika ku malire a Congo. Mukatambasula mapu pamaso pa ana anu, aonetseni kuti njirayo itsata cuma ca pansi pa nthaka: malasha, mtovu ndi mkuwa. Kwathu kuno kunalibe migodi yaikulu yotero. Tsono ngakhale Fort Jameson anali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, njanji inatilambalala. Fodya wa m'mapulazi a kuno anali kuyenda pa mseu kulowa m'Nyasaland, kuti akapeze sitima ku Limbe, kapena ku Salima kuyambira 1935.

Njanji sinadze kwa ife, koma anthu athu anapita kwa iyo. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, kunadza msonkho, ndipo ndalama ya msonkho sinali kupezeka m'mudzi. Amuna a Cingoni, a Cicewa, a Cinsenga ndi a Cikunda anayamba kutsikira kumwera, poyamba pa miyendo kudzera ku Tete kapena ku Feira, pambuyo pace pa malole a Ulere amene boma la Southern Rhodesia linaika kuti atenge anchito kwaulere. Ambiri analowa m'mapulazi ndi m'migodi, koma ena analembedwa ndi Rhodesia Railways. Nchito yao inali kuthira malasha m'injini, kucotsa phulusa lotentha, kupukuta zitsulo, kusenza katundu m'mashedi, ndi kukonza njira pa dzuwa. Kuyendetsa injini, ngakhale kusonkhezera moto wace pa ulendo, kunali kwa Azungu okha kufikira ca kumapeto kwa nthawi ya Citaganya. Roy Welensky, amene anali nduna yaikulu ya Citaganya kuyambira 1956 kufikira 1963, anayamba ngati wosonkhezera moto, nakwera kukhala woyendetsa sitima ku Broken Hill. Makwerero amene iye anakwerapo anali otsekedwa kwa munthu wakuda, ngakhale wodziwa injini ngati nyumba yace. Mu October 1945 anchito akuda a njanji ananyanyala ku Bulawayo, ndipo kunyanyalako kunafalikira m'njira monse kufikira ku Broken Hill. Joshua Nkomo ku Bulawayo ndi Dixon Konkola ku Broken Hill anaphunzira utsogoleri m'mabungwe a anchito a njanji omwewo. Ndachula zimenezi tsopano cifukwa zidzafunika pamene tifunsa kuti injini zosungidwa zikumbutsa yani.

Njanji iri yonse isowa mitanda yoigoneka pansi, ndipo m'dziko la ciswe mtengo wofewa sukhalitsa. M'nkhalango za mcenga za ku Barotseland mumera mtengo wolimba, wofiirira, umene eni dziko aucha mukusi. Kampani ya Zambezi Saw Mills inakhazikitsidwa ku Livingstone kuti iceke mitengo imeneyi, nigulitse mitanda kwa a njanji, mizati kwa a migodi, ndi timatabwa toyala pansi m'nyumba za anthu olemera. Mitengo ya pafupi ndi mtsinje itatha, kampaniyo inayamba m'zaka za m'ma 1920 kumanga njanji yace-yace yolowera m'nkhalango, mpaka inafika ku Mulobezi, makilomita 163 kucokera ku Livingstone, ndi nthambi zina zopitirira pamenepo. Inachuka kuti inali imodzi mwa njanji zazitali koposa pa dziko lonse zokhala m'manja mwa kampani wamba.

Apa ndipo pali cinthu cokondweretsa. Kampaniyo sinali kugula injini zatsopano. Njira yace inali yopepuka, yoyalidwa pa mcenga ndi zitsulo zimene ena anazitaya, kotero kuti injini zazikulu zolemera zikadaiphwanya. Tsono inali kudikira a Rhodesia Railways kapena a South African Railways atope ndi injini zao zakale zazing'ono, nizigula pa mtengo wocepa. Motero njanji ya ku Mulobezi inasanduka ngati mudzi wa nkhalamba, kumene injini zimene anzao anaziphwanya kale kwina zinali kugwirabe nchito tsiku ndi tsiku. Palibe anaganiza zosunga mbiri. Umphawi wa njirayo ndi kuumira kwa eni ace pa ndalama ndizo zinazisunga, pamodzi ndi manja a amisiri a ku shedi ya ku Livingstone amene anadziwa kucotsa citsulo pa injini yakufa ndi kuciika pa yamoyo.

Imodzi mwa nkhalambazi inapangidwa ku Glasgow, m'dziko la Scotland, ndi kampani ya Sharp, Stewart mu 1896. Onani caka cimeneco: Mpezeni anali asanagonje, ndipo Fort Jameson kunalibe. Mwini wace woyamba anali njanji ya boma la Cape, imene inaipatsa nambala 390. Maiko a kumwera ataphatikizana mu 1910 kukhala Union of South Africa, inalowa m'manja mwa South African Railways, nilandira nambala yatsopano, 993. Anthu a njanji awerenga mtundu wa injini ndi magudumu ace, ndipo iyi aicha 4-8-0, ndiko kunena kuti iri ndi magudumu anai ang'ono otsogolera pokhota, asanu ndi atatu akulu okoka, ndipo pambuyo palibe. Itakalamba ndithu anaigulitsa ku Zambezi Saw Mills, kumene inatsirizira masiku ace a nchito ikukoka mitengo. Inzace ya m'nkhani yathu, nambala 156, ndi yaing'ono pa zaka koma yaikulu thupi. Inapangidwanso ku Glasgow, ndi kampani ya North British, m'zaka za m'ma 1920, ndipo inayamba yakoka masitima a Rhodesia Railways pa njira yaikulu isanatsikire ku nchito ya matabwa.

Cinapha injini za nthunzi nciani? Si kuti zinalephera kukoka. Bvuto lace linali lakuti zidya manja ambiri ndi nthawi yambiri. Injini yozizira ifuna maora angapo moto uli kuyaka isanasunthe. Pa ulendo iyenera kuima kawiri-kawiri kumwa madzi, ndipo pamalo pali ponse pomwera pafunika thanki, mpope ndi munthu wouyang'anira. Ikabwera ifuna kuicotsa phulusa, ndipo patapita masiku ifuna kuitsuka m'kati. Ya dizilo munthu aiyatsa monga galimoto, nanyamuka. Kwa ife a ku Zambia kunaonjezeka cifukwa cina ca ndale. Ian Smith atalengeza ufulu wace wa Azungu pa 11 November 1965, malasha a ku Wankie anakhala m'manja mwa boma limene Zambia sanagwirizane nalo. Mu 1967 Rhodesia Railways inagawika, kunabadwa Zambia Railways, ndipo inayamba kugula injini za dizilo ku America. Pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 utsi unali kuzirala pa njira yaikulu, ndipo njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, inayamba nchito yace ndi dizilo. Pa nthawi yomweyo kampani ya matabwa inaleka kuyendetsa njanji yace, ndipo njira ya ku Mulobezi inapatsidwa kwa Zambia Railways. Nkhalamba zija zinangoima pa shedi ku Livingstone, udzu nuyamba kumera pakati pa magudumu.

Kuti timvetse cimene cinacitika pambuyo pace, tiyenera kuyang'ana ku Britain pang'ono. Kumeneko boma linafulumira kwambiri kutaya nthunzi, ndipo sitima yotsiriza ya anthu yokokedwa ndi nthunzi pa njanji za boma inayenda mu August 1968. Injini zikwi-zikwi anazigulitsa kwa ophwanya zitsulo, amene anali kuziyesa pa sikelo monga ife tiyesera mtedza. Mmodzi wa ogulawo, Dai Woodham wa ku Barry m'dziko la Wales, anagula injini 297, koma anaona kuti kudula mabogi akale a katundu nkosabvuta ndi kopindulitsa msanga, tsono injinizo anaziika pambali kuti adzazidule nchito ikacepa. Nchito sinacepe. M'zaka zimenezo anthu okonda masitima anayamba kusonkha ndalama m'timagulu, nagula imodzi-imodzi, kufikira 213 zinaturukamo zamoyo. Woodham sanali wosunga mbiri, anali wamalonda, monganso a Zambezi Saw Mills. Kawiri konse injini zinapulumuka cifukwa wina anaona kuti kuzisiya kumpindulira kopambana kuziphwanya.

Pakati pa okonda masitimawo panali David Shepherd, mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto, amene anabadwa mu 1931 namwalira mu 2017. Anachuka ndi zithunzi za njobvu, ndipo cigwa cathu ca Luangwa anacidziwa bwino. Ndalama za zithunzi zace anagula nazo injini ziwiri kwa British Railways mu 1967. Imodzi, imene anaicha Black Prince, inapangidwa mu 1959, kotero kuti eni ace anaitaya iri ndi zaka 8 zokha, pamene ku Mulobezi za zaka 70 zinali kukokabe mitengo. Shepherd anathandiza boma la Zambia pa nchito yoteteza nyama kwa opha mobisa, nakhala bwenzi la Pulezidenti Kenneth Kaunda. Ataona injini za ku Livingstone ziri kuonongeka, anapempha, ndipo anapatsidwa ziwiri: 993 ndi 156. A BBC anajambula kanema wa nkhaniyi wochedwa Last Train to Mulobezi. Mu 1975 injini 993 inafika ku England pamodzi ndi bogi limodzi lakale logonamo anthu apaulendo. Inzace 156 inatsala ku Livingstone, ndipo anaipatsa dzina lakuti Princess of Mulobezi.

Kodi kutumiza 993 kunja kunali kutaya cuma ca dziko, kapena kucipulumutsa? Funso limeneli ndi labwino kuwapatsa ana a m'makalasi apamwamba, pakuti mbali zonse ziwiri ziri ndi mau. Wonena kuti inapulumuka adzati: m'zaka zimenezo mtengo wa mkuwa unagwa, malire a kumwera anali otsekedwa kuyambira 1973, ndipo boma linali ndi sukulu ndi zipatala zofuna ndalama, ndani akadagula denga la injini yakufa? Adzaonjeza kuti inabadwira ku Glasgow, ndipo inangobwerera kwao. Zimenezi nzoona. Koma pali cinthu cimodzi cimene ine cindikhudza. Njanji za kuno kumwera kwa Afirika, kuyambira ku Cape kufikira ku Chipata, ziri ndi mpata wa mapazi atatu ndi theka pakati pa zitsulo ziwiri, ndiwo mamilimita 1,067. Za ku England mpata wace ndi mamilimita 1,435. Tsono 993 singathe kuyenda pa njanji wamba za dziko limene inapitako. Tsiku limene inatsika m'combo inapeza denga, koma inataya njira. Anaisunga ngati cinthu coona ndi maso cabe, ndipo anthu amene anaidziwa, amene akadaloza nanena kuti apa ndinapsa dzanja, sadzaionanso.

Tsopano tione kuti kudzutsa injini yakufa ndi nchito yotani, pakuti ambiri ayesa kuti ndi kupaka utoto basi. Mtima wa injini ndi mphika wace wautali wa madzi, umene anthu a njanji aucha boila. Kumbuyo kwace kuli ng'anjo, yozingidwa ndi madzi mbali zonse. Kucokera m'ng'anjomo mipope yambiri-mbiri ipyola m'kati mwa madzi kufikira kutsogolo kumene kuli cumuni, ndipo moto ndi utsi podutsa m'mipopemo ziwiritsa madziwo. Popeza mphikawo ndi wotsekeka, nthunzi ipanikizika, ndipo woyendetsa akatsegula njira ithamangira m'masilinda, nikankha mipini imene itembenuza magudumu. Mungathe kuwaonetsa ana ciyambi ca zimenezi ndi mphika wa pa moto umene cibvundikiro cace cibvina madzi akawira. Koma muwauzenso kuti mphamvu yokoka mabogi makumi awiri ikapeza citsulo codyeka ndi dzimbiri, iphulitsa mphika wonse ndi kupha anthu.

Cifukwa cace wokonza ayamba ndi kupasula zonse. Anyamula boila kuicotsa pa magudumu, nasolola mipope yonse. Makoma a ng'anjo agwirizika ndi makoma akunja ndi timisomali tazitsulo mazana-mazana, ndipo mmisiri agogoda kali konse ndi nyundo, namvetsera. Koduka kalira mosiyana ndi kamoyo. Pamene citsulo capyapyala adulapo naikapo cina. Akatha adzaza boila ndi madzi ozizira, nawapanikiza ndi mpope kupambana muyeso umene nthunzi idzafika, kuti ngati pali pofooka padonthe madzi m'malo mophulika. Pambuyo pace ndipo ayatsa moto. Magudumu nao afuna kusemedwa kuti akhalenso obulungira, ndi zitsulo zogwira mipini kuzithira mtovu watsopano. Zopumira sizigulidwa m'sitolo, pakuti makampani a ku Glasgow aja anatsekedwa kale-kale. Ciri conse cosowa aciumba kapena acisula mwatsopano. Ndipo nchitoyi siitha kamodzi. Ku Britain lamulo lifuna kuti boila ipasulidwe ndi kuyesedwa pakapita zaka ngati khumi ziri zonse.

Mtengo wace uoneka pa injini yochuka koposa zonse, Flying Scotsman, yopangidwa mu 1923. Alan Pegler anaigula mu 1963 ndi mapaundi 3,000, ndipo inamtha cuma conse pamene anapita nayo ku America. Mu 2004 nyumba ya boma yosungiramo za njanji ku York inaigula ndi mapaundi 2.3 miliyoni. Kuikonza kunatenga zaka khumi, kufikira 2016, ndipo kunadya mapaundi 4.2 miliyoni, pafupi-fupi kawiri mtengo wogulira. Anthu a masitima adziwa bwino kuti kugula injini ndiko kotsika mtengo; cosautsa ndi kuisunga yamoyo.

Anansi athu a ku Zimbabwe anacita kukonza kwa mtundu wina, kosati kwa cikumbutso koma kwa njala ya mafuta. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dizilo anali wosowa ndi wokwera mtengo, pamene malasha anali pakhomo. Tsono ku Bulawayo anatenga injini 87 za mtundu wa Garratt, zija zazikulu za magudumu okoka kutsogolo ndi kumbuyo, boila iri pakati, zopangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester, nazikonzanso kuti zibwerere pa nchito. Cifukwa ca ici luso la boila linakhalitsa ku Bulawayo zaka zambiri litazirala kwina.

Tibwerere ku Livingstone. Shedi ya Zambezi Saw Mills sanaigwetse. Boma linaiika m'gulu la malo otetezedwa a mbiri ya dziko mu 1976, ndipo pambuyo pace inatsegulidwa ngati nyumba yoonetseramo za njanji. Pabwalo pace paima injini zambiri ndi mabogi akale, ndipo woyang'anira ndi bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene Shepherd anaperekako 156. Zambiri mwa izo ziima pa mtetete, mvula ndi dzuwa ziri kuzidya pang'ono-pang'ono. Sindinena ici monyoza oyang'anira. Taona kale kuti ngakhale dziko lolemera linalira ndi mtengo wa injini imodzi. Koma 156 inapeza mwai waciwiri. M'zaka za m'ma 2000 kampani ya alendo ya Bushtracks inaikonzanso kuti ikoke sitima yochedwa Royal Livingstone Express, ya mabogi akale opakidwa bwino, m'mene alendo akhala pa matebulo nadya cakudya ca madzulo, sitima iri kuyenda pang'ono-pang'ono dzuwa likulowa, nthawi zina kufikira pa ulalo wa pa mathithi.

Ndikondwera kuti inaturutsanso utsi, ndipo amisiri ndi osonkhezera moto a Cizambia anapeza nchito imene agogo ao anakanizidwa. Koma tisabise mbali inayo. Mtengo wa cakudya ca madzulo amodzi m'sitima imeneyo anauika poyang'ana thumba la mlendo wa kunja, osati la mphunzitsi kapena mlimi. Ndipo m'zaka zomwezo, pa njanji yomweyo ya ku Mulobezi, sitima ya anthu wamba, yonyamula amai a malonda, ng'ombe ndi matumba a ufa, inali kukwawa pa njira yakutha, kotero kuti ulendo wa makilomita 163 nthawi zina unali kutenga masiku awiri. Ndalama inapezeka yodzutsa injini ya alendo, koma yokonza njira ya eni dziko inabvuta. Si kulakwa kwa injiniyo, ndipo popanda alendowo bwenzi iri ciimire ndi zinzace pa udzu. Komabe mwana wocenjera adzafunsa za kusiyana kumeneku, ndipo tiyenera kumuyankha zoona.

Pali cinanso. Pa nthiti ya injini iri yonse pali kacitsulo kolembedwa dzina la kampani yoipanga, mzinda, nambala ndi caka. Mabuku a okonda masitima alemba mosamala tsiku limene inagulitsidwa ndi amene anaigula. Koma maina a amuna amene anagwetsa mukusi ndi nkhwangwa, ndi a iwo amene analowa m'ng'anjo isanazizire bwino kukacotsa makala, sapezeka pa kacitsulo kali konse. Mbiri imeneyo iri m'mitu ya nkhalamba za m'midzi mwathu. Mnyamata amene analembedwa nchito ya njanji ku Bulawayo, ku Livingstone kapena ku Broken Hill mu 1960 ali ndi zaka zoposa 80 tsopano. Ngati alipo wotere pafupi ndi sukulu yanu, tumani ana awiri kapena atatu ndi kope, akamfunse mwaulemu kuti anacoka caka canji, anayenda njira iti, anagwira pa shedi iti, anali kulandira zingati, ndi maina amene anchito anali kucha injini ndi akapitao ao m'cinenero cathu. Zimenezi sizifuna mapaundi miliyoni, ndipo palibe wa ku England angadze kudzatisungira.

Amene muli ndi abale ku Malawi, dziwani kuti injini zosungidwa ziri pafupi ndi ife kumeneko kusiyana ndi ku Livingstone, kumene kuli makilomita oposa 1,000 kucokera kuno. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo tiinjini tiwiri toyamba timene tinathandiza kuimanga, Thistle ndi Shamrock, topangidwa ndi kampani ya Bagnall, anatisunga: koyamba ku Limbe, kaciwiri pa nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri. Sitiyenda, koma mwana angathe kuima pambali pace ndi kuona ng'anjo, cumuni ndi mipini ndi maso ace.

Nanga 993 inathera kuti? Shepherd anaisunga zaka zambiri pa kanjanji ka East Somerset, kamene iye anathandiza kukhazikitsa, ndipo potsiriza anaipereka ku National Railway Museum. Kumeneko anaibwezera nambala yace yoyamba, 390, naiika m'nyumba yao ya ku Shildon, kumpoto kwa England. Shildon ndi mudzi umene injini ya George Stephenson yochedwa Locomotion inanyamukira pa 27 September 1825, pokoka sitima yoyamba ya nthunzi yonyamula anthu pa njanji ya onse. Mtunda wocepa kucokera pamenepo pali Darlington, kumene anasula zitsulo za ulalo wathu wa pa Zambezi.